Mjaha Womaliza wa Azuki

— Halo?

— Halo, amayi? Ndine Kozue.

— Ndaona dzina lako pa foni. Waswera bwanji, mwanawe?

— Ndaswera bwino, kaya inu kumeneko?

— Ife taswera. Dzuwa lilipo, kamphepo pang'ono. Ku Sapporo kuli bwanji?

— Kukutentha. Anthu ndiye osanena, ngati tauni yonse yakhamukira kuno ku bwalo la mahatchi.

— Lamulungu ndi choncho. Azakhali ako unawapeza bwanji dzulo?

— Ali bwino. Akuthokoza ndere za m'nyanja munawapatsira zija.

— Bondo lija?

— Likuwavutabe. Masitepe akukwera chammbali ngati nkhanu.

— Ndinawauza kalekale kuti asamukire nyumba yapansi. Wadya?

— Ndadya.

— Wadya chiyani?

— Chimanga chowotcha. Theka.

— Nanga mpunga ndinakumangira uja?

— Uli m'chikwama.

— Kuyambira dzulo? Ukautaye, usadzandidwalire m'basi.

— Abambo ali bwanji?

— Ali pa thirakitala kumunda wa udzu. Akuti mvula ibwera Lachiwiri, ndiye akufuna mabelo onse alowe m'shedi pofika mawa. Nkhomaliro yawo ikungozizira pa tebulo pano. Ndawakodola kawiri, sanatembenuke.

— Oho. Amayi, mwaonera?

— Mjaha? Ayi. Ndinali m'khola ndi dokotala, kahatchi kakang'ono kaja kadzicheka pa waya. Ndangomvera pa wailesi. Azuki wamaliza pa nambala sikisi.

— Wailesi siinena zonse. Mukanaona! Chipata chitangotseguka, Azuki anatuluka ngati mphezi. Anatsogola njira yonse. Pokhota pomaliza anali yekhayekha kutsogolo, thukuta likunyezimira pakhosi, anzake onse akudya fumbi lake. Ine ndinakuwa mpaka agogo ena pafupi nane anatseka khutu ndi nyuzipepala. Kunatsala mamita handiredi okha, amayi. Handiredi!

— Kenako asanu anamudutsa.

— Anamudutsira limodzi, ngati anachita kupangana.

— Mahatchi sapangana. Anatopa basi. Mayi wake analinso choncho: kuyamba ngati akuthawa moto, pomaliza n'kuima kumaganizira za moyo.

— Mtunda ukanakhala waufupi pang'ono...

— Ukanakhala waufupi, bwenzi uli mjaha wina. Lamulo sitinaika ndife, Kozue. Hatchi ya zaka zitatu ikafika sabata ino isanapambanepo, kumabwalo aakulu kwatha. Wayesa kasanu ndi kawiri. Zakwana.

— Mukulankhula ngati si wathu.

— Nanga ndi wathu? Si ndiye chimene tinakutumira ndi chidindo cha bambo ako, kuti ukadinde pepala lomugulitsira kwa a Kuwabara m'mawa mjaha usanayambe? Mayeni mamiliyoni atatu, apambane asapambane. Ndikuuze, lero ndamvera wailesi mtima uli m'malo, koyamba pa zaka ziwiri. Ndimangoti taonani hatchi ya eni ake ikutopa.

— Eya.

— A Kuwabara ndawamvera chisoni. Pang'ono pokha. Ndi ntchito yawo, amagula mahatchi khumi podziwa kuti asanu ndi atatu awadyera ndalama. Anali atavala chipewa chawo chija?

— Anavala.

— Chaka chino chakwanitsa zaka makumi awiri, chipewa chimenecho. Ndiye tamvera, fomu ya sukulu yako ya zojambulajambula ndaitulutsa. Ndalama ikangolowa ku banki, titumiza ku Tokyo yokusungira malo. Uyambe kuganiza za chikhoti, cha kusekondale chija chatha m'zigongono.

— Halo? Amayi? Simukumveka bwino.

— Ine ndikukumva bwino lomwe.

— Netiweki ikuvuta kuno, anthu achuluka. Dikirani ndisunthe. Ndili kuseri kwa makola tsopano.

— Ukufunako chiyani ku makola? Basi yako si ya 3 koloko?

— Ndimafuna kumuona Azuki akumusambitsa. Hayato naye anabwera.

— Hayato ndiye ndani?

— Amene anamukwera uja.

— Oo, kamnyamata kotalika ngati ambulera kaja. Mwafika poitanana maina?

— Amayi! Anangobwera kudzapepesa. Anavula chipewa, n'kuwerama mpaka pansi, akuti, "Ndinamulola kuthamanga msanga, kulakwa n'kwanga." Matope ali kumaso konse, maso okha akuoneka.

— Onse amatero. Amaphunzitsidwa kusukulu kwawo, kukwera ndi kupepesa. Sabata yamawa akapepesa kwa mwana wamkazi wa munthu wina.

— M'mawa anandiuza kuti Azuki lero ali bwino kuposa masiku onse.

— Wokwera amalipidwa akangokwera. Hatchi iliyonse imakhala bwino kwa iye.

— Inu simukhulupirira chilichonse.

— Ndimakhulupirira mvula ya Lachiwiri. Pepala lija waliika pabwino? Lisapindike.

— Abambo anaonera?

— Bambo ako? Ananena m'mawa kuti alibe nthawi yoonera hatchi yogulitsa kale. Koma 11 koloko itangokwana ndinamva thirakitala yazima. Kunali zii mphindi ziwiri. Kenako inaliranso.

— Sananene kanthu?

— Anene kwa ndani, kwa udzu? Kozue, ndakufunsa za pepala.

— Batire yanga yatsala pang'ono.

— Ndiye yankha msanga.

— Amayi.

— Ndikumva.

— Sindinadinde. Halo? Amayi, mulipo?

— Ndilipo. Ndimazimitsa gasi. Nenanso.

— Pepala la a Kuwabara sindinadinde. Azuki akadali wathu.

— A Kuwabara sanabwere?

— Anabwera. Nthawi yake yeniyeni, 10 koloko. Tinakhala pa tebulo pafupi ndi pogulitsira tiyi, anatulutsa pepala, anatsegula ndi inki yofiira yomwe.

— Ndiye?

— Ndiye ndinawauza kuti chidindo ndaiwala kwa azakhali.

— Unachiiwaladi?

— Chinali m'thumba. Ndinachigwira m'manja nthawi yonseyo.

— Iwo anati chiyani?

— Anaseka pang'ono. Anatseka inki ija, n'kunena kuti, "Palibe kanthu, chemwali, tikambirana mjaha ukatha." Anandigulira ndi tiyi.

— Akugulirenji osakugulira. Unawapulumutsira mamiliyoni.

— Amayi, tamverani kaye. Ndinamuona m'mawa akumuyendetsa. Simunamuonepo ali choncho. Khungu likuwala ngati nyemba zonyowa, makutu ali chilili. Atafika pamene ndinaima anatembenuka n'kundiyang'ana. Ine ndemwe, pakati pa anthu onse aja.

— Unali ndi chimanga m'manja?

— Ayi! Anandizindikira. Ndine ndinamupukuta tsiku limene anabadwa, chipale chofewa chikufika m'mawondo, inu muli kuchipatala ndi agogo. Ku okushoni, pamene panalibe ndi mmodzi yemwe wokweza dzanja, ndine ndinabwerera naye m'lole, akunjenjemera njira yonse. Ndiye lero ndimugulitse kutatsala ola limodzi kuti aonetse anthu onsewo kuti analakwitsa?

— Ndipo waonetsa.

— Ndinawerengera, amayi, sindinangochita. Akanapambana, mphotho ndi mamiliyoni asanu ndi theka. Kuposa za a Kuwabara. Sukulu ikanalipiridwa, Azuki n'kukhalabe wathu, n'kumathamangabe kumabwalo aakulu. Zonse ziwiri.

— Unawerengera kupambana kokha.

— Nanga munthu amawerengera kuluza?

— Ndiyo ntchito yanga panyumba pano, chaka cha makumi awiri ndi zitatu tsopano. Mahatchi analipo angati pa mjahawo?

— Sikisitini.

— Eni ake sikisitini, aliyense hatchi yake inamuyang'ana m'maso m'mawa. Chabwino. Utatha mjaha a Kuwabara anabwera?

— Anabwera.

— Zingati?

— Theka la miliyoni.

— Mm.

— Akuti akamuthamangitsa kumabwalo aang'ono a kumwera, mwina kumeneko angapeze kanthu. Akuti atiyembekezera mpaka mawa madzulo, chifukwa amalemekeza abambo.

— Ndi munthu wabwino. Ena akanati masauzande mahandiredi atatu.

— Kunabweranso bambo wina.

— Wotani?

— Sindikumudziwa. Wa jekete yotuwa, waulemu kwambiri. Sanafunse za makolo a Azuki, sanamugwire ndi miyendo yomwe. Anangofunsa kuti akulemera makilo angati.

— Unamuyankha?

— Ndinati folo handiredi sate eyiti. Analemba m'kabuku.

— Wosafunsa za miyendo timamudziwa kumene amapita nawo mahatchi: ku butchala. Ameneyo usalankhule nayenso. Akabwera, uziti eni ake kulibe.

— Amayi, ndiye kuti...

— Ndati usalankhule naye. Aphunzitsi ake a Azuki akuti chiyani?

— Akuti khola likufunika Lachiwiri, kukubwera hatchi ina ya zaka ziwiri. Anandiuza mokoma, koma anandiuza kawiri.

— Ali ndi chifukwa. Ukudziwa kuti Azuki amadya zingati pamwezi kumeneko? Zimene timadya ife atatu miyezi itatu. Chaka ndi theka takhala tikumulipirira ngati mwana wa ku yunivesite. Bambo ako anagulitsa munda wa kumtsinje uja chifukwa cha iyeyo.

— Ndikudziwa.

— Sukudziwa, unali kalikiliki kujambula mitambo. Mamiliyoni atatu aja sanali phindu, Kozue. Phindu pa Azuki linatha kalekale. Inali ndalama yako ya ku Tokyo, basi. Tinakutuma iweyo dala, kuti udinde ndi dzanja lako, udziwe kumene sukulu yako yachokera.

— Bwanji simukundikalipira?

— Kukalipa kubweza zingati?

— Bola mukanakuwa. Mukamalankhula chonchi ndimaopa.

— Ndilibe nthawi. Tamvera. Pita ukawapeze a Kuwabara pompano, udinde pa theka la miliyoni lomwelo. Likafika mawa akhala ataganizanso.

— Amayi, kumwera kuja amawathamangitsa kawiri pamwezi mpaka miyendo itatha.

— Amawadyetsanso kawiri patsiku. Kusiyana ndi wa jekete yotuwa. Pita.

— Achoka kale. Anati ndiwaimbire.

— Ndiye aimbire.

— Khadi lawo... ndinalipotokola nthawi ya mjaha. Manambala sakuoneka.

— Mwana iwe. Dikira, lina liyenera kukhala muno. Bambo ako amasunga makhadi m'kadilowa ka pansi pa chithunzi cha agogo ako. Usadule.

— Batire yafika pa eyiti.

— Ikwana. Za inshulansi... za dokotala... kalata ya okushoni ija mpaka lero anaisunga, taonani. Kuwabara, Kuwabara...

— Mwalipeza? Amayi?

— Kozue, chidindo chili ndi iwe pamenepo?

— Chili m'thumba.

— Chitulutse.

— Ndachitulutsa. Chili m'kansalu kabuluu, mmene anandipatsira abambo.

— Masula. Chili m'kabokosi kakuda?

— Ayi, mulibe kabokosi. Chili chokha.

— N'chotani?

— Chamtengo, chaching'ono. Chobenthuka m'mphepete.

— Chili ndi kachingwe kofiira?

— Eya. Bwanji?

— Chimenecho n'chimene timadindira akabwera a mapaselo. Chimakhala pa mbale ya makiyi pakhomo. Ndinachifunafuna dzulo lonse.

— Ndiye chenicheni...

— Chenicheni, cholembetsa kuboma, chimene munthu amagulitsira hatchi kapena munda, ndachigwira m'manja pano. Chili m'kabokosi kake, pansi pa makhadi, chokutidwa ndi mpango.

— Mwina abambo anasokoneza.

— Bambo ako amazindikira mahatchi makumi atatu ndi kamvekedwe ka ziboda, ali m'nyumba. Asokoneze zidindo ziwiri? China chimakhala pakhomo, china kwa agogo ako. Anakupatsa nthawi yanji?

— Pokwera basi. Inu munali mutabwerera kugalimoto kukatenga ndere zija.

— Anati chiyani?

— Anati ndisamasule mpaka ndikafike.

— Basi?

— Anatinso... anati, "Ukayambe wamuona mmene akuyendera."

— Mm.

— Ndiye kuti ngakhale ndikanachitulutsa...

— A Kuwabara akanachiyang'ana, n'kukugulira tiyi yemweyo. Pepala la mamiliyoni sadindira chidindo cha mapaselo.

— Amayi! Ndiye kuti abambo nawonso ankakhulupirira! Ankadziwa kuti Azuki angathe...

— Usasangalale. Sizikutanthauza kuti unachita bwino. Zikungotanthauza kuti m'nyumba muno muli awiri.

— Koma sanafune kumugulitsa!

— Sanafune kumugulitsa, sanafunenso kundiuza. Anatuma mwana kuti akalakwe m'malo mwawo. N'chifukwa chake nkhomaliro ikuzizira. Munthu wadya 12 koloko moyo wake wonse, lero akuti udzu.

— Ndiye titani? Mubweretsa chenichenicho?

— Ndi galimoto ndi maola atatu ndi theka. Ndikhoza kufika dzuwa lisanalowe.

— Amayi, chonde.

— Koma dzina lili pa chidindochi si langa. Ndikadinda ine mwini wake asakufuna, tidzadya mpunga wosalankhulana mpaka imfa. Theka la miliyoni silikwana kugula zimenezo. Silikwananso Tokyo.

— Ndiye Azuki abwera kunyumba?

— Khola la kumapeto lija muli matayala akale ndi makina owonongeka. Ukafika ukatulutsa wekha. Pita kwa aphunzitsi, uwathokoze bwinobwino, uwerame ngati Hayato wako, uwapemphe atipezere malo m'lole yobwera kuno Lachiwiri. Za malipiro a lole, uwauze atumize pepala.

— Zikomo, amayi! Zikomo! Mudzaona, adzabereka mwana wothamanga kuposa...

— Tamvera kaye masamu ake, popeza umakonda kuwerengera. Tikampititsa kwa yamphongo mwezi wa Epulo, ndipo yamphongoyo ndi yolipira. Akatenga bere, ndi miyezi khumi ndi umodzi. Mwana akabadwa wamoyo, miyendo yowongoka, timulera chaka china ndi miyezi. Kenako okushoni.

— Ndiye kuti...

— Zaka zitatu. Ngati wina adzakweze dzanja. Kwa mayi wake, Azuki, sanakweze.

— Zaka zitatu? Amayi, ndidzakhala ndi zaka twente thuu! Anzanga onse adzakhala atamaliza!

— Adzakhala atamaliza.

— Ine ndimati mwina chaka chamawa...

— Chaka chamawa udzakhala ukudzuka 4 koloko kuchotsa ndowe m'khola la kumapeto. Wantchito sitingakwanitse. Unafuna zonse ziwiri, wapeza chimodzi. Anthu ambiri pa bwalo limenelo lero abwerera opanda ndi chimodzi chomwe.

— Fomu ija musaitaye.

— Ndiibweza m'dilowa. Ili ndi malo tsopano, chidindo ndachitulutsamo.

— Mukupita nacho kuti?

— Kumunda. Ndikufuna ndikawaonetse bambo ako chinthu chimene akuti chili ku Sapporo.

— Musawakalipire kwambiri.

— Ine sindikalipa, wanena wekha. Nsapato zanga zili kuti... Basi ya 3 koloko usaiphonye. Ndipo cha mapaselocho ubwere nacho, mawa kukubwera mankhwala a nyongolotsi.

— Amayi, batire yafika pa thuu. Muwauze abambo kuti anatsogola mpaka mamita handiredi omaliza. Muwauze kuti pokhota paja anali yekha.

— Akudziwa. Anazimitsa thirakitala.

— Komabe muwauze. Muwauzenso kuti Azuki...

— Taona, andiona. Ndangotuluka pakhomo, kabokosi kali m'manja. Akhotetsa thirakitala, akulowera kumapeto kwa munda.

— Akuthawa?

— Munda uli ndi mpanda. Pita ukathokoze aphunzitsi.

— Chabwino. Amayi, ine... Halo? Amayi? Halo?